Kodi Kukumbutsa Katswiri Ndi Cipongwe?

Kuyambira ali wamng'ono, mwana aphunzitsidwa kuti wamkulu satsutsidwa pamaso pa anthu. Mwambo umenewu ndi wabwino, pakuti usunga ulemu m'mudzi. Koma kodi wamng'ono akaona kuti katswiri waiwala kanthu, akhale cete cifukwa ca ulemu, kapena alankhule? Funso ili likula kwambiri m'cipinda ca opareshoni, mmene munthu agona wosadziwa kanthu, moyo wace uli m'manja mwa ena.

Mbiri ya zacipatala isonyeza mtengo wa kukana kukumbutsidwa. M'caka ca 1847, pa cipatala cacikulu ca mumzinda wa Vienna, dotolo Ignaz Semmelweis anaona kuti akazi obereka anali kufa ambiri kumbali kumene anali kuthandizidwa ndi madotolo, kuposa kumbali ya azamba. Anazindikira kuti madotolowo anali kucokera kong'amba mitembo, nakagwira akazi osayeretsa bwino manja. Atalamula kuti onse azisamba m'manja ndi madzi a chlorine, imfa zinatsika kucokera pa mkazi mmodzi mwa 10 kufikira osakwana 2 mwa 100. Komabe madotolo ambiri ochuka anakana mau ace, pakuti cinawapweteka kumva kuti manja a munthu wophunzira angathe kunyamula imfa. Semmelweis anamwalira mu 1865 asanabvomerezedwe, ndipo akazi anapitirira kufa.

Nzeru sizinawasowe madotolo aja. Cinawasowa ndi mtima wolola kuuzidwa. Munthu aliyense amaiwala, ndipo wozolowera nchito nthawi zina ndiye aiwala msanga, popeza saganiziranso zimene manja ace acita tsiku ndi tsiku.

Pa cifukwa ici, mu 2008 bungwe la World Health Organization linakonza mndandanda wa mfundo 19 zofunsana pa opareshoni iliyonse. Ogwira nchito aima katatu: wodwala asanagonetsedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndiponso wodwala asanaturutsidwe m'cipindamo. Afunsana dzina la wodwala ndi ciwalo coyenera kung'ambidwa. Ngati pali mankhwala amene thupi lace lidana nao. Ngati angataye mwazi wopitirira mamililita 500. Ngati walandira mankhwala opha tizirombo m'mphindi 60 zapitazo. Potsiriza awerenga zitsulo ndi nsaru zopukutira, kuti kanthu kasatsalire m'mimba. Kawiri-kawiri wowerenga mafunsowa ndi namwino, ndipo dotolo wamkulu ayenera kumyankha. Mndandandawu unayesedwa m'zipatala 8 za m'maiko osiyana-siyana, cimodzi ca izo ca ku Ifakara m'dziko la Tanzania. Zotsatira zace, zofalitsidwa mu 2009, zinasonyeza kuti imfa zinatsika kucokera pa 15 kufikira 8 mwa odwala 1,000.

Ena angatsutse kuti nyumba imene aliyense afunsa mwini wace siyenda bwino, ndi kuti dotolo wogwira mpeni afunika mtima wokhazikika, wosadodometsedwa. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, pakuti pa ngozi yadzidzidzi payenera kukhala mmodzi wolamula. Koma mafunso aja ali ndi nthawi yace yoikika, ndipo sacotsa ulamuliro wa dotolo. Angomuonjezera maso ndi makutu. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi. Namwino amene aona colakwa nakhala cete wasunga nkhope ya mkulu wace, koma wapereka moyo wa munthu amene sangathe kudzilankhulira.

Udindo wonena zoona ugweranso wodwala. Wodwala auzidwa kuti asadye kanthu kwa maora 6 opareshoni isanacitike, cifukwa munthu wogonetsedwa akasanza, cakudya cingalowe m'mapapo. Amene wadya nsima mobisa, kapena wamwa mankhwala a zitsamba, naopa kuulula kuti angadzudzulidwe, acititsa dotolo kuyesa ngozi ndi muyeso wonama. Manyazi ace ndi kunyada kwa madotolo a ku Vienna n'zapacibale, pakuti zonse ziwiri ziika mbiri ya munthu patsogolo pa moyo.

Ngozi sitha pamene bala lasokedwa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2018, wa odwala 11,422 m'maiko 25 a mu Africa, anapeza kuti pafupi-fupi onse amene anamwalira anafa m'masiku otsatira opareshoni, osati patebulo pa dotolo. Kumene anamwino ali ocepa, woyamba kuona kuti wodwala apuma mofulumira, watentha thupi, wayamba kubwebweta, kapena kuti nsaru ya pabala yanyowa mwazi, kawiri-kawiri ndi mbale womdikira. Iye akaopa kudzutsa namwino usiku poganiza kuti ndi mwano, m'mawa mungace mocedwa.

Tero ulemu ndi mantha ziyenera kusiyanitsidwa. Ulemu usankha mau ofatsa ndi nthawi yoyenera, koma unena cimene waona, mantha abisa. Wamng'ono aphunzire kulankhula mwaulemu, ndipo wamkulu aphunzire kuyamika womkumbutsa, ngakhale pa tsiku limene sanaiwale kanthu, kuti tsiku limene adzaiwale padzapezeke wolimba mtima kumuuza.