CANGU NDI PHUMA: ZA LIU LAKUTI "RASH"

Ana a sukulu pophunzira Cingerezi akomana ndi liu lalifupi lakuti "rash". Ena aliyesa liu lotamanda munthu wacangu. Koma Mngerezi akati munthu uje ali "rash", ali kumdzudzula, pakuti anena munthu waphuma, wocita kanthu asanalingalire cotsatira cace.

Kale liuli linalibe citonzo. M'zaka za m'ma 1300 anthu a kumpoto kwa England ndi a ku Scotland analichula ponena munthu wopepuka miyendo ndi wamphamvu. Mbale wace wa liuli m'Cijeremani, ndiye "rasch", atanthauza cangu cokha kufikira lero. Koma pofika zaka za m'ma 1500 Angerezi anayamba kulinenera munthu amene cangu cace catsogolera nzeru zace, ndipo omasulira Baibulo la Cingerezi la 1611 analilemba m'tanthauzo lomweli. Palinso "rash" wina wonena zidzolo za pakhungu. Amenewo ndi mau ena, ofanana kamvekedwe cabe.

Nanga cangu cisanduka phuma pati? Nyumba ikagwira moto, wothamanga kukaturutsamo mwana sali "rash" ai. Wolakwa ndiye wozengereza. Koma mlimi wobzala mbeu zace zonse pa mvula ya cizimalupsa, ameneyo ndiye "rash". Pakuti dzuwa likabweranso cimanga cipserera, ndipo mvula yeniyeni impeza alibe cobzala. Onse awiri anafulumira. Woyambayo akadacedwa, mwana akadafa. Waciwiriyo akadadikira sakadataya kanthu, ndipo cimene anacita sicibwezeka.

Cifukwa cace Angerezi akonda kuphatika liuli ku malonjezo ndi malumbiro, pakuti mau akaturuka m'kamwa sabwereramo. Cowinda ca Yefita, ca m'buku la Oweruza mutu 11, acichula "rash vow". Popita kukamenyana ndi Aamoni, Yefita analonjeza kupereka nsembe ciri conse coyamba kuturuka pakhomo pace pobwera iye. Palibe anamuumiriza kuwinda. Ndipo pofika kwao ku Mizipa atapambana, woturuka kudzamcingamira ndi kubvina anali mwana wace wamkazi, mmodzi yekhayo. Nkhondo inatha bwino, koma maliro analowa m'nyumba mwace ndi pakamwa pace pomwe.

Phuma lotere siliri kutari ndi midzi. Mwamuna amva mphekesera pamowa, napitikitsa mkazi wace usiku womwewo osaitana ankhoswe. Wofedwa aloza mbale wace cala pamanda kuti ndiwe mfiti, ndipo banja ligawanika kufikira adzukulu. Wina agulitsa ng'ombe yace yolimira cifukwa ca njinga imene anaiona dzulo m'sitoro. Onsewa sanasowe nzeru, koma anasowa usiku umodzi wakugonera nkhaniyo.

Tsono munthu mtima ukamtentha ayenera kudzifunsa mafunso awiri. Loyamba: Kodi cionongeka nciani ndikadikira kufikira mawa? Laciwiri: Kodi ici ndikacicita cidzabwezeka? Ngati kudikira kuphetsa munthu, athamange. Ngati kudikira sikuononga kanthu, ndipo cinthuco ncosabwezeka, akhale pansi, afunse akulu, agonepo. Makolo anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo wodekhayo kukaca adzapeza mkazi wace akali pakhomo, mbale wace akali mbale, ndi ng'ombe yace ikali m'khola.