Tsiku Lopuma la Munthu wa Paulendo

Sabata iliyonse anthu amanyamuka mumzinda wa Mzuzu kupita kunja kwa dziko lino pa nkhani ya ntchito. Ena amakwera mabasi a ku Johannesburg odzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge. Ena amaolokera pa Songwe kupita ku Mbeya ndi Dar es Salaam kukatenga katundu, pamene ena ndi aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma otumidwa kumisonkhano. Kaŵirikaŵiri onseŵa amakhala ndi tsiku limodzi lokha lopuma. Kodi tsikuli alichite nalo chiyani? Apite kukapemphera, kapena akaone malo otchuka amene mwina sadzaonanso moyo wawo wonse?

Pali anthu amene amaganiza kuti kupemphera ndi udindo wa kwawo kokha. Munthu wa ku Katawa kapena ku Chibavi akajomba kutchalitchi masabata aŵiri, akulu a mpingo amabwera kudzamuzonda. Kwa eni kulibe womufunsa, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Khalidwe limene munthu amalisunga poopa maso a anthu si lake ayi, ndi lobwereka. Ulendo ndiwo umaulula chimene munthu ali. Amene amafunafuna tchalitchi Lamulungu kapena mzikiti Lachisanu m'dziko limene sadziŵika, amasonyeza kuti chikhulupiriro chake sichinatsalire pa depoti ya Mzuzu.

Makolo athu amene ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ankaidziŵa bwino nzeru imeneyi. M'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok anachoka m'dziko lino kupita ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kukatumikira anthu a ku Nyasaland amene ankagwira ntchito kumeneko. Mpingo umene unakula kuchokera pa ntchitoyo ndiwo Sinodi ya Harare ya CCAP. Kwa anthuwo tchalitchi linali mudzi wachiŵiri: kumeneko ankamva uthenga wa kwawo, wodwala ankapeza womuzonda, ndipo womwalira ankaikidwa mwaulemu. Nayenso Kamuzu Banda ali mnyamata wogwira ntchito pamgodi ku Johannesburg ankapemphera mu mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo mpingo umenewo ndiwo unamuthandiza kupita ku America kukaphunzira mu 1925.

Komabe sichingakhale chilungamo kunena kuti kuona malo ndi kutaya nthaŵi. Munthu amene anangoona mathithi a Manchewe ku Livingstonia akaima pa Mosi-oa-Tunya, pomwe mtsinje wa Zambezi umagwa pachiphompho chotambalala mamita oposa 1,700, amazindikira kuchepa kwake. Akaona makoma a Great Zimbabwe, amene anamangidwa ndi miyala popanda matope kapena simenti azungu asanafike, amasiya kupeputsa nzeru za anthu akuda. Koma amene amakhala ku Johannesburg zaka zisanu osadziŵa njira ina kupatula ya kuntchito ndi ya kuchipinda chake, amabwerako ndi katundu wodzaza galimoto, m'mutu mulibe chatsopano chouza ana ake.

Tsono vuto silili posankha chimodzi pa ziŵirizi, koma pa mtima umene munthu achitira chilichonse. Wotumidwa kumsonkhano amene amalembetsa dzina m'maŵa kenaka n'kuzemba kukaona nyanja, pamene ndalama za paulendo walandira kale, ndi wakuba ngakhale atabwerako ndi zithunzi zokongola. Amene anamutuma akudikira nzeru zimene sanakazitenge. Chimodzimodzinso woloŵa m'tchalitchi cha eni n'cholinga chojambula denga ndi mazenera pafoni, anthu ali mkati mwa pemphero, sanapemphere ndipo sanalemekeze eni malo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Zochita za mlendo mmodzi zimatsegulira kapena kutsekera khomo Amalaŵi ena obwera pambuyo pake.

Alipo malo ena amene amasonyeza kuti zinthu ziŵirizi sizilimbana. Ku Soweto kuli tchalitchi cha Katolika chotchedwa Regina Mundi. Pa zipolowe za mu June 1976, ana asukulu othaŵa apolisi anabisala m'menemo, ndipo apolisiwo anaombera mfuti m'nyumba yopemphereramoyo. Zipsera za zipolopolo anazisunga kuti zikhale chikumbutso. Mmalaŵi amene wapemphera m'menemo, kenaka n'kukhala pansi kumvetsera mbiriyi kwa eni ake, wapembedza ndiponso waona malo tsiku lomwelo, ndipo watulukamo akudziŵa mtengo wa ufulu.

Pomaliza, tsiku lopuma ndi lalitali mokwanira kwa munthu wodziŵa kuligaŵa. M'maŵa ungakhale wa Mulungu ndi wa anthu ake, masana n'kukhala a maso ndi mapazi, masiku a ntchito n'kutsalira amene anamutuma. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Posachedwa adzatsikanso basi ku Mzuzu. Pamenepo abale ake adzaŵerenga zikwama, koma chofunika kwambiri n'chakuti amene watsikayo akhale munthu wokhulupirika monga anachokera, ndiponso wodziŵa zambiri kuposa mmene anapitira.