Waya amene mwawonjezera ndiye amawotcha bakkie

Ana anga, inu amene mwagula mabakkie kuno ku Cape Town, khalani pansi tikambirane za mawaya. Ndikudziwa mmene galimotoyo yabwerera. Wina watchetcha kapinga ku Constantia zaka zambiri, wina watsuka mbale m'malesitilanti a ku Sea Point, kudya mosinira, miyezi ina osatumiza kanthu ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi, mpaka Nissan NP200 kapena Hilux yakale inaima pakhomo. Lero ikunyamula zinyalala za m'magadeni, zibuma za nyumba zogumulidwa ndi katundu wa anthu osamuka, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kukoka ngolo mpaka kumudzi. Bakkie imeneyo ndiyo munda wanu kuno ku Joni.

Ikangofika, mtima umafuna kuiwonjezera zinthu: magetsi owala kwambiri kutsogolo, zokuzira mawu kuseri kwa mpando, pochajira mafoni, kafuriji, inverter. Sindikukuletsani, pakuti zina mwa izi n'zothandizadi pa ntchito. Koma walira mvula walira matope. Chilichonse chimene mwawonjezera chimafuna waya wake. Mawaya amene Toyota inaika ku fakitale yake ku Durban, kapena Isuzu ku Gqeberha, anayezedwa ndipo aliyense ali ndi fyuzi yake. Waya wopanda chitetezo m'galimoto yonseyo ndi amene mwaika inuyo Loweruka masana.

Anyamata ambiri amapeputsa batire chifukwa mavolti 12 sagwira munthu. Mungagwire mitu yonse iwiri ndi manja, osamva kanthu. Koma batire lomwelo limatulutsa ma-amp mazanamazana pozungulitsa sitata ya injini ya dizilo. Chitsulo chonse cha galimoto ndi negetivu. Waya wochokera ku pozetivu akasupuka n'kukhudza chitsulo paliponse, mphamvu yonseyo imadutsa m'kawaya kameneko. Kamafiira nthawi yomweyo, pulasitiki yake n'kuyaka, moto n'kugwira kapeti kapena dashibodi. Kuchotsa kiyi sikuthandiza, chifukwa waya wanu sanadzere ku kiyi.

N'chifukwa chake fyuzi iyenera kukhala pafupi ndi mutu wa pozetivu, osapitirira utali wa chikhatho. Ndimaona ambiri akuika fyuzi kuseri kwa mpando, pambali pa amplifaya, poganiza kuti ntchito yake n'kuteteza chipangizo chimene agula modula. Akatero asiya mamita atatu kapena anayi a waya wamoyo akudutsa m'boneti ndi pansi pa kapeti popanda chomuletsa. Fyuzi imateteza waya. Kukula kwake muzikutengera pa zimene wayayo angasenze, ndipo ikhale yoti ipse waya asanatenthe. Mitundu yake si yovuta kuloweza: yofiira ndi ya ma-amp 10, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Ikapsa, musathamangire kuika yaikulupo, ndipo musayerekeze kulowetsapo msomali, kachingwe ka kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Fyuzi siipsa yokha. Pali pena pamene waya wasupuka kapena katundu wachuluka, ndipo malo amenewo muwafune mpaka muwapeze.

Ndikulimbikira mfundo imeneyi chifukwa cha kumene timagona. Ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu, ku Dunoon, ku Capricorn, bakkie imagona mogundana ndi khoma la malata kuopa akuba, ndipo khoma limenelo lagundana ndi la mnansi. Munaona moto wa ku Imizamo Yethu mu March 2017 umene unasiya anthu masauzande ambiri alibe pogona, ndi wa ku Masiphumelele mu December 2020 umene unanyeketsa nyumba zoposa 1,000. Sindikunena kuti inayambitsidwa ndi galimoto. Ndikunena kuti mphepo ija ya m'chilimwe, yochokera kum'mwera chakum'mawa, siifunsa kuti moto wayambira pa chitofu kapena pansi pa boneti. Ndipo ife ndife alendo. Amene tinalipo mu May 2008 tikudziwa mmene mkwiyo umafulumirira kugwera mlendo. Galimoto ya Mmalawi ikayatsa mzere wa nyumba usiku, amene adzavutike si mwini galimoto yekha.

Pali kasamu kamodzi koti muzikadziwa musanagule waya. Tengani mawati olembedwa pa chipangizo, muwagawe ndi 12, mwapeza ma-amp. Magetsi awiri a mawati 55 lililonse akoka pafupifupi ma-amp 9. Inverter ya mawati 1,000 ikamagwira ntchito mokwanira imakoka opitirira 80, ndipo mukawerengera imene imatayika ngati kutentha, akuyandikira 100. Kabowo koyatsira ndudu ka pa dashibodi nthawi zambiri kali ndi fyuzi ya 10 kapena 15 basi, kutanthauza mawati 120 mpaka 180. N'kokwanira foni ndi laputopu. Ketulo ya magetsi, imene imafuna pafupifupi mawati 2,000, iiwaleni. Mu 2023, pamene magetsi a Eskom ankazima pafupifupi tsiku lililonse, ambiri anakoka nthambo kuchokera ku bakkie kulowetsa m'nyumba. Ngati mukutero, injini isalire pafupi ndi zenera la chipinda chogona kapena m'galaja lotseka, pakuti mpweya wakupha wa mu utsi wake ulibe fungo. Ndipo inverter musailumikize ku soketi ya pakhoma la nyumba ngakhale kamodzi. Magetsi akabwerera mudzaotcha zinthu, ndipo asanabwerere n'komwe mungaphe munthu amene akukonza nthambo kunja.

Waya weniweni mukamupeza m'mashopu a zipangizo za galimoto amene ali mumsewu wa Voortrekker, kuyambira ku Maitland kudzera ku Goodwood ndi Parow mpaka ku Bellville. Funsani waya wa galimoto, wa timitsitsi tambiri ta kopa. Waya wa m'nyumba, wa mtima umodzi wolimba uja, amathyoka ndi kugwedezeka kwa msewu. Chenjeraninso ndi wina wotchipa wogulitsidwa m'mapaketi a amplifaya, wonenepa pulasitiki koma wopepuka m'manja. Mukamupala ndi mpeni mkati mwake muli moyera: ndi aluminiyamu wongokutidwa kopa, ndipo sasenza mphamvu yofanana ndi kukula kwake. Wa 1.5 mm² akwanira timagetsi ting'onoting'ono, wa 2.5 magetsi awiri akutsogolo aja. Koma furiji ikakhala kumbuyo m'kanope, mtunda wake ndi mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo waya woonda amataya mavolti m'njira. Furiji imangozima, inu n'kumaitukwana kuti ndi yachinyengo, chonsecho vuto ndi waya. Pamenepo ikani wa 4 kapena 6.

Magetsi akuluakulu asadutse pa switchi ya pa dashibodi. Gulani relay, si yodula. Pansi pake pali manambala anayi. 30 imalandira kuchokera ku batire kudzera pa fyuzi, 87 imapita ku magetsiwo, ndipo 85 ndi 86 ndi za kawaya kakang'ono koilamula, imodzi ku chitsulo cha galimoto, inayo ku switchi. Kawaya kolamulako mukatenge pa waya wa bulaiti, kuti mukadima onse azizimira limodzi. Pa N1, pakati pa Laingsburg ndi Beaufort West usiku, amene mukumuthobwa m'maso ndi dalaivala wa thiraki yolemera amene akubwera molunjika inu. Nyali ya buluu ndi ya apolisi, musaiike ngakhale yokongoletsa chabe. Mzere wa magetsi a LED pamwamba pa denga nawonso umaitana chindapusa. Musanagule, pitani mukafunse ku ofesi ya za pamsewu, monga ya Gallows Hill ku Green Point. Mlendo asamapatse wapolisi chifukwa chomuimitsira.

Za kupota mawaya awiri ndi zala, kusenda ndi mano, n'kukulunga tepi, musiyire ana osewera ndi mawayilesi. Dzuwa la January limasungunula ulimbo wa tepi, mvula ya June ndi July n'kulowa, ndipo amene mumakhala cha ku Muizenberg kapena ku Hout Bay mukudziwa zimene mpweya wa mchere umachita ku chitsulo. Polumikizira pakachita dzimbiri lobiriwira pamayamba kutentha. Gwiritsani ntchito timitu tofinya ndi pulayala yake, muvekepo kachubu konyala ndi moto kaja. Waya akamadutsa pa bowo la chitsulo pakati pa injini ndi mokhala anthu, bowolo likhale ndi mphira. M'mangeni kuti asalendewere, ndipo akhale kutali ndi ekizozi. Waya wa negetivu akhale wonenepa mofanana ndi wa pozetivu, womangidwa ndi bawuti pa chasisi pamalo opalidwa penti mpaka chitsulo chiwale.

Amene mwagula zatsopanoko, monga Ford Ranger za kuyambira 2011, dekhani kawiri. Muli makompyuta. Mawaya awiri opotana okhaokha amanyamula mauthenga a makompyutawo, ndipo zolumikizira zachikasu ndi za airbag. Musaziboole ndi tesita pofuna moto. Zambiri mwa galimoto zimenezi zili ndi kachipangizo pa mutu wa negetivu koyeza mphamvu yotuluka ndi yolowa m'batire, choncho negetivu yanu muitenge pa chitsulo, osati pa mutupo.

Furiji kapena inverter ikamagwira ntchito injini itazima, mukufunika batire lachiwiri, apo ayi m'mawa mudzadzutsa anansi kuti akukankheni. Pa galimoto zakale solenoid imakwanira: imalumikiza mabatire awiriwo injini ikamalira, n'kuwalekanitsa ikazima. Pa zatsopano, alternator imatsitsa yokha mavolti ikaona kuti batire loyamba ladzaza, ndiye lachiwirilo silikhuta. Pamenepo pafunika chaja ya DC-DC. Waya wopita kumbuyo akhale wa 16 mm², ndipo mvetsetsani apa: fyuzi zikhale ziwiri, ina pafupi ndi batire lakutsogolo, ina pafupi ndi lakumbuyo, chifukwa waya ameneyu ali ndi moto mbali zonse. Ngati mukufuna kumachotsa batire lachiwirilo ponyamula zibuma, ikani pulagi ya Brad Harrison. Batirelo limangidwe zolimba m'bokosi, mitu yake yovundikiridwa, kuti fosholo kapena wilibala isaigwere. Batire la asidi likamachajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika, choncho lisakhale m'kanope yotsekeratu momwe anyamata anu amagona paulendo. Kamita koyezera kadzakuuzani zoona: batire lodzaza limawerenga pafupifupi 12.6 injini itazima, ndipo injini ikamalira muyembekezere pakati pa 13.8 ndi 14.4 pa galimoto zakalezo.

Inu okoka ngolo mpaka ku Mwanza kapena ku Dedza, njira yanu ndi yaitali: makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Johannesburg kokha, kenako Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete. Pulagi ya ngolo ya mano asanu ndi awiri ili ndi dongosolo lake. Wachikasu ndi indiketa ya kumanzere, wobiriwira ya kumanja, wofiira mabuleki, woyera negetivu. Magetsi a ngolo akamaphethira onse pamodzi mukaponda buleki, yambani ndi woyerayo. Musadalire chitsulo chokokera kuti chigwire ntchito ya negetivu. Ngolo yodzaza mafuriji ndi njinga za anthu, yopanda magetsi akumbuyo, usiku pa msewu wa Masvingo, ndi ngozi imene ikungodikira thiraki. Chozimitsira moto, chimene apolisi a ku Zimbabwe amachifunsa pa zipata zawo, chikhale pamene dzanja lingafike muli pampando, osati pansi pa katundu.

Pogwira ntchito iliyonse ya mawaya, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo, ndipo yambani mwamasula mutu wa negetivu. Pobwezera, negetivuyo ikhale yomaliza. Sipanala yomasulira mutu umenewo, imene pa mabakkie ambiri ndi nambala 10, izikhala m'thumba la chitseko chanu pamodzi ndi mafyuzi apadera. Mukamva fungo la pulasitiki yopserera muli pamsewu, musati ndikaonere kunyumba. Imani pomwepo, tsitsani anthu, mumasule negetivu. Ngati utsi wayamba kale kutuluka m'boneti, musaitsegule yonse, pakuti mpweya ukalowa moto umakula. Ingoitsegulani pang'ono, mupopere chozimitsira pa mpata umenewo.