Magazi akamakana kuleka, musabise

Adzukulu anga a kwa Jumbe, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu ndi ku Mfuwe, tcherani khutu. Anyamata awiri atha kudzitema ndi chikwanje kumunda, wina bala n'kuuma msanga, mnzake magazi n'kumachuchabe mpaka nsalu kunyowa. Kumudzi timafulumira kunena kuti alodzedwa, chonsecho nkhani ili m'thupi momwemo.

M'magazi muli mapuloteni otseka bala, ndipo ambiri amapangidwa m'chiwindi. Ina, fibrinogen, imasanduka ulusi wolukana ngati ukonde wa asodzi a mu Luangwa, n'kukola maselo kuti magazi aundane. Ina ndi von Willebrand, dzina la dokotala wa ku Finland amene mu 1926 anafotokoza za banja lina lotaya magazi kwambiri. Iyi imamata timaselo totseka bala pamalo povulala, komanso imanyamula inzake, Factor VIII, kuti isawonongeke msanga.

Thupi limaveka mapuloteniwa timaunyolo ta shuga, osati wa m'tiyi ayi, koma wolukidwa m'maselo momwemo. Timaunyoloti ndi timene timathandiza kuti puloteni ikhalitse m'magazi. Shuga wa kunsonga akathothoka, chiwindi chimaichotsa puloteniyo. Tsono mvetsani apa: magulu a magazi aja, A, B, AB ndi O, amasiyana pa shuga wotereyu, ndipo von Willebrand nayo imavala shuga wa gulu la mwini wake. Mwa anthu a gulu O imachotsedwa msanga, motero imachepa ndi pafupifupi 25 pa 100 poyerekeza ndi anzawo. Amenewa si matenda, musachite mantha. A magulu enawo nawo ali ndi lawo: magazi amawaundanira m'mitsempha ya m'miyendo kawirikawiri kuposa a O.

Koma alipo obadwa ndi puloteni yochepa kwambiri kapena yolakwika, ndipo zimayenda m'mtundu. Iwe mtsikana, ukamatha masiku oposa 7 uli kumwezi, nsalu kunyowa ola lililonse, usamange mtima ati ndiwo ukazi. Iwe mnyamata wa kamfuno wosatha, kapena amene mawondo amatupa ukangogwa pang'ono, nena usanapite kumdulidwe kapena kozula dzino. Ngati amalume ako anali otero, nenanso zimenezo. Inu a vutoli, aspirin musamwe, imawonjezera kutaya magazi.

Inu oyembekezera, ndikunenetsa: kutaya magazi pochira kumapha mayi m'maola ochepa, ndipo dzinja mitsinje ikadzaza, ulendo wa ku Kamoto kapena ku Chipata sukhala wamasewera. Uzani anamwino za mmene munatayira magazi pamimba yapita, ndipo yandikirani chipatala masiku asanakwane.

Amene muli ndi thanzi, a Zambia National Blood Transfusion Service akafika kusukulu kapena kutchalitchi, perekani magazi, ndipo mufunse gulu lanu.