Mutu ukakula sulewa nkhonya

Mphwake wa munthu akaba mbuzi, wokakhala pansi pabwalo la mfumu ndi malume ake, ngakhale nyamayo sanailawe. Ndi iwo amapepesa, ndi iwo amafunafuna cholipira. Apa ndi pamene akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Wamng'ono akhoza kuwerama nkhonya n'kumudutsa pamwamba, koma amene anthu amuika patsogolo alibe kobisala. Milandu ya anthu ake imamupeza, kaya walakwa kaya sanalakwe.

Mwambiwu umamveka bwino tikayang'ana bungwe la aphunzitsi la Teachers Union of Malawi, limene aliyense amangoti TUM. Mu February 2021, sukulu zitati zitsegulidwe mliri wa Covid-19 uli mkati, bungweli, motsogozedwa ndi a Willie Malimba ndi mlembi wamkulu a Charles Kumchenga, linauza aphunzitsi kuti anyanyale ntchito mpaka boma liwapatse ndalama za ukaziotche, K35,000 pamwezi. Mfundo yawo inali yakuti mphunzitsi amene amatsekeredwa m'kalasi limodzi ndi ana oposa zana nayenso moyo wake uli pachiswe. Boma linakana, ndipo pambuyo pake linapita kukhoti kukatenga chiletso. Makolo anakwiya poona ana akungoyendayenda m'mudzi. Sitalaka itatha alawansi ya mwezi ndi mwezi ija osaoneka, aphunzitsi ena anatembenukira atsogoleri awo omwe. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito, n'kulola olemba ntchito kudula malipiro a munthu amene wanyanyala kupitirira masiku atatu pachaka.

Nkhonya zakutsogolo mtsogoleri amaziyembekezera. Zopweteka ndi zakumbuyo. M'mabungwe a antchito kwathu kuno, mtsogoleri akangosainira mgwirizano wosakoma, mawu amene amayamba kuyenda ndi akuti "adya", umboni ulipo kapena palibe. Akakana kusaina, ena amati akufuna kutchuka kuti adzaime pa chisankho. Mwambiwu suuza mtsogoleri kuti abwezere. Ukungomuuza kuti asathawe: aime pamaso pa anthu amene anamusankha, awafotokozere chimene chapezeka ndi chimene chalephereka, atukwanidwe ali pomwepo.

Komatu mutu suli ku Lilongwe kokha. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kuli timitu ting'onoting'ono, oimira bungwe pasukulu, pazoni ndi paboma, ndipo kwa ine awa ndiwo amamenyedwa kwambiri. Mtsogoleri wa dziko lonse akalengeza sitalaka pa wailesi, woimira bungwe ku Ngabu kapena ku Fatima ndiye amakumana ndi ahedi m'mawa mwake, masana n'kukumana ndi a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale pazoni, madzulo n'kukumana ndi amfumu amene mdzukulu wawo akuyembekezera mayeso a Sitandade 8. Alibe loya, alibe galimoto. Amene akukangana nawo ndi omwewo amene mawa adzalemba lipoti la ntchito yake, ndipo mphunzitsi aliyense amadziwa kuti kalata yosamutsa munthu siyenera kutchula chifukwa chenicheni.

Ndiye kuchigwa cha Shire kuli madandaulo amene sakhala pamwamba pa mndandanda wa sitalaka za dziko lonse. Madzi osefukira a mu January 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023: nthawi zonsezi makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Ku Makhanga, kutsidya kwa Shire, Ruo akalusa ulendo umakhala wa pabwato. Mphunzitsi wa kumeneko nyumba yake imalowa madzi ngati ya wina aliyense, mabuku amanyowa, koma amayembekezeredwa kuthandiza kusunga bata pamsasa ndi kutsiriza silabasi nthawi imodzi ndi mnzake wa ku Blantyre. Onjezanipo kutentha kwa mu October, pamene kalasi la malata limakhala losakhalika dzuwa likafika pamutu. Alawansi ya kumudzi ilipo, inde, koma ingachepetse chiyani pa zonsezi? Nchifukwa chake aphunzitsi ambiri amangofika ndi maganizo opempha kusamuka. Woimira bungwe amene akufuna kuti izi zimveke ayenera kulimbana ndi ofesi ya maphunziro paboma, komanso kukakamiza akuluakulu a bungwe lake lomwe, amene maso awo ali pa malipiro, kukwezedwa ndi ndalama za tchuthi, nkhani zimene zimakhudza aphunzitsi onse. Apanso amalandira zake: kumtunda amamuona ngati wovuta, kwawo amamuona ngati wofooka.

Pali njira imodzi imene mwambiwu timaupotoza. Timaugwiritsa ntchito ngati chobisalira. Pamsonkhano tonse timakweza manja kuti tinyanyale, koma a PEA akabwera ndi buku lolembamo amene afika pantchito, ena amazembera m'kalasi n'kusaina, akuti nkhonya n'za mutu. Komatu pabwalo la mfumu paja malume sapita okha. Mbumba imakhala kumbuyo kwawo, ndipo mbuzi yolipira imachokera m'khola la banja. Chiyambireni lamulo la 2021, sitalaka ikatalika imadya m'thumba la aliyense, choncho mtsogoleri wanzeru amayamba wawerenga anthu amene alidi okonzeka kudulidwa malipiro asanalengeze chilichonse.

Enanso amaufuna mpandowo chifukwa cha misonkhano ya kunyanja ndi maalawansi ake. Oterowo amadziwika msanga. Mphunzitsi wina akachotsedwa pa mndandanda wa malipiro mosadziwika bwino, miyezi n'kumapita akukhalira ngongole za katapila, foni yawo siyankhidwa. Pa chisankho cha pazoni, aphunzitsi a ku Bangula kapena ku Chapananga angachite bwino kufunsa wopikisana aliyense kuti anaperekezapo ndani ku ofesi ya maphunziro paboma, ndipo nkhaniyo inatha bwanji.