Ngolo ya Malume ndi Chombo cha Panyanja

Dera la Santhe lili kutali ndi nyanja. Anthu a kumeneko amadziwa fodya, chimanga ndi ngolo za ng'ombe, koma ambiri sanaonepo thanga la chombo. Komabe mtsinje wa Bua, umene umadutsa m'dzikomo, umakathira m'nyanja kumpoto kwa Nkhotakota, ndipo kunyanjako kuli funso limene likhudzanso mlimi wa kumtunda.

Chombo cha matabwa choyenda ndi mphepo sichilola mwini wake kupumula. Madzi amavunditsa matabwa, dzuwa limawang'amba, misomali imachita dzimbiri, thanga nalo limatha monga malaya. Chaka ndi chaka mwiniyo amachikokera pamchenga, nachotsa thabwa lovunda, naikapo lina, natseka mipata kuti madzi asalowe. Zikapita zaka 30, mwina sipatsala thabwa ndi limodzi lomwe la pachiyambi. Kodi chimenechi ndicho chombo chomwe chija, kapena nchina?

Funsoli nlakalekale. Plutarch, mlembi wa ku Greece, anasimba kuti anthu a ku Athens anasunga chombo cha ngwazi yawo Theseus pochita chomwechi, ndipo anzeru anatsutsana. M'chaka cha 1655 Thomas Hobbes wa ku England anawonjezera mfundo yovuta: nanga munthu wina atatola matabwa onse otayidwawo nawalumikizanso, chenicheni chidzakhala chiti?

Nyanja ya Malawi ili ndi chitsanzo chakechake. M'chaka cha 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pamene namondwe anagubuduza chombo cha thanga chimene anakwera. Amishoni anapangitsa sitima yachitsulo ku Glasgow, naitcha dzina lake. Inafika kuno ili zidutswazidutswa, amuna anazisenza pamtunda, ndipo inayamba kuyenda mu 1901, yotentha nkhuni. Inanyamula ansembe, aphunzitsi ndi odwala. Mu 1953 amishoni anaigulitsa, nigwira ntchito ya usodzi. Mu 1967 inakonzedwanso kuti izinyamula anthu ndi katundu, ndipo injini ya nthunzi inachotsedwa, nilowa ya dizilo. Eni anasintha, ntchito inasintha, injini inasintha, koma anthu a m'madoko sanaleke kuitcha dzina lake lija.

Pambuyo pake inaima padoko la Monkey Bay zaka zambiri. Zitsulo zake zinalipo ndithu, koma panalibe wodwala kapena mlendo amene inamuwolotsa. Apa pakuoneka chodabwitsa: masiku amene amisiri ankaichotsa ziwalo naikamo zina, sitimayo inali yamoyo; itangokhala chete osasinthika, ndi pamene inayamba kufa. Mulu wa matabwa a Hobbes, ngakhale ndiwo oyamba, suwolotsa munthu.

Tsono nkhaniyi ifike ku Santhe. Mwamuna wamwalira, nasiya ngolo. Mphwake mmodzi ndiye waisunga zaka 20. Anagula matayala ena, anasintha matabwa a pansi atadyedwa ndi chiswe, anasema goli latsopano, ndipo dzinja lililonse amaiika pansi pa chigafa kuti isanyowe. Ndalama zake zinachokera m'mabelo a fodya wake. Lero abale abwera, akuti, "Ngolo ya malume igulitsidwe, tigawane." Iye akuti, "Cha malume nchiti pamenepa? Lozani."

Mphwayo walankhula mwanzeru, koma wadzitchera yekha msampha. Ngati kusintha ziwalo sikupha chombo, ndiye kuti ngoloyo ikadali ya malume, ndipo abalewo sakunama. Iye sanapange ngolo yatsopano. Anapitiriza imene anaipeza, naigwiritsa ntchito zaka zonsezo osalipira munthu. Koma abalewo nawonso asaiwale kuti ngolo imene iwo akadaisunga, yosapakidwa mafuta, yogona pamvula, bwenzi lero ili nkhuni ndi dzimbiri. Chimene akufuna kugawanacho chilipo chifukwa cha thukuta la mmodzi.

Mlanduwu ukafika pabwalo, sikokwanira kufunsa kuti anagula ngoloyo ndani. Pafunika kuwerenga mtengo wa matayala, matabwa ndi goli, kuchotsapo phindu limene wosungayo anadya, ndipo chotsalacho ndicho chigawidwe. Kawirikawiri chimakhala chochepa kuposa mmene abale amayembekezera.