Kodi Wodziwa Chihebri Ali Pafupi ndi Mulungu Kuposa Ife?

Werengani: Nehemiya 8:1-12, Machitidwe 8:26-35.

M'kalasi ya Sukulu ya Sabata ku Machinjiri, abale awiri angathe kutsegula Salimo 23 napeza dzina la Mulungu litalembedwa mosiyana. Wa Buku Lopatulika la 1922 awerenga Yehova. Wa Buku Loyera la 1998, lomwe Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi, awerenga Chauta. Wolondola ndani? M'Chihebri dzinali ndi zilembo zinayi zokha, YHWH, ndipo Ayuda analeka kulitchula chifukwa cha ulemu. Omasulira onsewo anayenera kusankha, ndipo ife timawerenga chimene iwo anasankha.

Chipangano Chakale chinalembedwa m'Chihebri, kupatula zigawo zochepa za m'Chiaramu, makamaka mu Danieli ndi Ezara. Chatsopano chinalembedwa m'Chigriki. N'chifukwa chake Jerome anaphunzira Chihebri kuti amasulire Chipangano Chakale m'Chilatini ali ku Betelehemu. Mu 1943 Papa Pius XII analimbikitsa akatswiri a mpingo wake kubwerera ku zinenero zoyambirirazi. Choncho mnyamata wokonzekera unsembe kapena ubusa akamachezera usiku ndi zilembo zachilendo, sakutaya nthawi. Akugwirira ntchito ife amene sitidzaziphunzira.

Koma apa pali yesero. Mlaliki angathe kuimirira paguwa nanena kuti m'Chigriki liwulo silitero, mpingo wonse n'kukhala chete, pakuti palibe womutsutsa. Ngati wanena zoona, watithandiza. Ngati wafuna kungopambana pa mtsutso, walanda Baibulo m'manja mwa mayi wokalamba amene waliwerenga moyo wake wonse, nam'phunzitsa kukayikira buku lake. Tchimo limeneli n'lalikulu chifukwa wolakwiridwayo alibe njira yodziwira kuti wanyengedwa.

Tikumbukire kuti Chigriki cha atumwi chinali cha anthu wamba, cholankhulidwa pamsika ndi padoko. Uthenga sunabisidwe m'chinenero cha ophunzira okha. M'masiku a Nehemiya, Alevi anawerenga chilamulo nachitanthauzira, ndipo anthu anapita kwawo akukondwera chifukwa anamvetsa. Umenewo ndiwo muyeso wa maphunziro onse: kodi womvera wabwerera kunyumba akumvetsa Mawu, kapena akungozizwa ndi mlaliki?

Nafenso osaphunzira zinenerozi tisanyoze ophunzira. Safunsa anadya phula. Mdindo wa ku Aitiopiya anali ndi buku la Yesaya m'manja, komabe sanachite manyazi kupempha Filipo kuti akwere pagaleta. Wophunzira ndi wosaphunzira, tonse timafika kwa Mulungu pakhomo limodzi, koma amene anapatsidwa zambiri adzafunsidwanso zambiri.

Zoti tikambirane: Kodi mphunzitsi akatchula liwu la Chihebri kapena Chigriki, tingam'funse bwanji mwaulemu kuti atisonyeze umboni wake m'malemba ena? Nanga ife, chimene timadziwa kuposa anzathu timachigwiritsa ntchito powatumikira kapena powatseka pakamwa?